Sindinacite Dala

Nyengo ya kuocha chire yafika. Kuno ku Mchinji, kuyambira ku Mkanda kufikira ku Kamwendo, anyamata ali kuyatsa moto posaka mbewa, ndipo nthawi zina mphepo iuluza motowo kufikira pa nkhokwe ya mtedza ya munthu wina. Pa bwalo la mfumu mnyamata angoti, "Sindinacite dala." Kodi mau amenewa atha mlandu? Timve umo aphunzitsi a Ayuda anaiweruzira nkhani yotere.

Poyamba anaona kuti cilamulo ca Mose cisiyanitsa wocita dala ndi wocita mwangozi. Pa Deuteronomo 19 tiwerenga za munthu amene apita ndi mnzace ku nkhalango kukadula mitengo. Nkhwangwa iguluka mu mpini, nimkantha mnzaceyo, namwalira. Wotereyo saphedwa ai, cifukwa sanamuda kale. Athawira ku umodzi wa midzi isanu ndi umodzi yopulumukirako, ndipo Numeri 35 anena kuti akhale komweko kufikira imfa ya mkulu wa ansembe. Taonani: moyo wace upulumuka, koma sabwerera kwao ngati kuti palibe kanthu kacitika.

Buku la Mishnah, limene Rabbi Judah ha-Nasi analisonkhanitsa capafupi ndi caka ca 200, lipitiriza ciphunzitsoci. Lisimba za anthu awiri opita kuseri kwa sunagoge pa tsiku la caka catsopano, pamene lipenga la nyanga ya nkhosa lilikulira. Onse awiri alimva, koma wokwaniritsa lamulo ndiye yekhayo amene analunjikitsako mtima wace. Kulunjikitsa mtima kumeneku Ayuda akucha kavanah.

Ndipo mtima ukhoza kudetsa ngakhale nchito yosalakwa. Buku la Talmud linena za munthu amene anatambasula dzanja kuti adye nyama ya nkhumba, imene Myuda saloledwa kudya, koma imene anatola inali ya nkhosa. Lamulo sanaliswe, komabe asowa cikhululukiro, pakuti mtima wace unacimwa kale. Akuti Rabbi Akiva pofika pa ciphunzitso cimeneci ankalira misozi.

Tsono tibwerere kwa mnyamata wathu. Mishnah yomweyo, imene ilemekeza mtima cotere, iphunzitsa kuti munthu woononga ca mnzace ayenera kulipira nthawi zonse, kaya anacita dala kaya mwangozi, kaya ali maso kaya ali m'tulo. Cifukwa cace ncosabvuta: mwini nkhokwe adzagona ndi njala cimodzimodzi, ngakhale woyatsa moto anali wa mtima woyera.

Potero pali mafunso awiri, ndipo tisawasokoneze. Loyamba: kodi munthuyu ngwoipa? Apa tiyang'ane cimene anafuna, ndipo tiweruze mosamala, pakuti mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Laciwiri: ndani abweze cimene caonongeka? Apa tiyang'ane dzanja limene linayatsa moto.

Inu makolo, mwana akakuuzani kuti sanacite dala, musafulumire kumuyesa wabodza, kapena kumlanga ngati mfiti yoocha nyumba usiku. Koma musamlolenso kubisala m'mau amenewa. Mumtenge, mupite naye kwa mwini nkhokwe, akapepese ndi pakamwa pace, ndipo akadule nsungwi ndi kuluka nkhokwe ina ndi manja ace. Za mtedza umene unapsa, mukambirane ndi mwini wace dzinja lisanafike, pakuti mlandu suola.