Kuona maso a Jupiter n'kudekha

Usiku wina magetsi atazima, mnzanga wina anatulutsa telesikopu yake pabwalo n'kundiuza kuti ndisuzumire. Ndinaona kampira kotuwa kokhala ndi mizere iwiri yoderako, pambali pake timadontho tinayi titandandalika. Timadonthoto ndi Io, Europa, Ganymede ndi Callisto, miyezi ya Jupiter imene Galileo Galilei anaiona mu Januwale 1610.

Mtima unandithamanga. Ndinatulutsa foni, n'kuigunditsa pagalasi, n'kujambula. Chimene chinatuluka chinali ngati phala lotayikira pansi. Mnzangayo anaseka mpaka kugwira nthiti.

Vuto lake ndi mpweya. Uli pakati pa ife ndi Jupiter ndipo sukhazikika, umanjenjemera ngati pamwamba pa msewu wa phula masana a mu Okutobala. Choncho anthu amene amajambula mapulaneti mongokonda sadalira chithunzi chimodzi. Amamangirira kakamera pa telesikopu n'kutenga kanema wa zithunzi zikwizikwi. Kenako pulogalamu ngati AutoStakkert imapeta zithunzizo monga mmene mayi amapetera mphale m'lichero: zosaoneka bwino zimatayidwa, zakuthwa zimasanjikizidwa kukhala chimodzi. Kanemayo sayenera kupitirira mphindi ziwiri kapena zitatu, chifukwa Jupiter, ngakhale ali wamkulu kuposa mapulaneti onse ozungulira dzuwa, amatembenuka kamodzi m'maola osakwana 10. Ukachedwa, banga lake lofiira lija, lomwe ndi chimphepo chachikulu kuposa dziko lathuli, limakhala litasuntha, chithunzi n'kusokonekera.

Wina angati ndi kutaya tulo pachabe, poti NASA ili ndi zida zoposa izi. Koma pa 19 Julayi 2009, Anthony Wesley wa ku Australia, akujambula ndi telesikopu yake kunyumba kwake, anaona banga lakuda chakummwera kwa Jupiter. Chinthu china chochokera mumlengalenga chinali chitaomba pulanetiyo. Akatswiri a NASA anadzatsimikizira pambuyo pake. Zida zikuluzikulu zimakhala ndi ntchito zambiri, sizingayang'ane malo amodzi usiku uliwonse. Munthu wapakhonde pake amatha kutero.

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Titatsatira njira ya kanema ija, chithunzi chathu chinatuluka pa laputopu tambala woyamba atalira, miyendo yathu udzudzu utaimaliza. Banga lofiira linaoneka ngati njere ya mtedza. Palibe chachilendo chimene tinatulukira usiku umenewo. Komabe ndinamufunsa mnzangayo kuti adzatulutsanso liti telesikopuyo.