Zodzoladzola ndi Kaundula wa Boma ku Amereka

Kuyambira m'chaka cha 1938 kufikira 2022, malamulo oyang'anira zodzoladzola m'dziko la Amereka sanasinthe kwenikweni. Wopanga mafuta odzola, zopaka m'milomo kapena mankhwala a tsitsi ankalembetsa katundu wake ku bungwe la boma la FDA pokhapokha atafuna yekha. Chotero anthu akatupa khungu kapena kuthothoka tsitsi, boma linkavutika kulondola gwero la vutolo, pakuti linalibe kaundula wathunthu wa mafakitale ndi zopanga zawo.

Zinthu zinasintha mu Disembala 2022 pamene lamulo lotchedwa MoCRA linakhazikitsidwa. Tsopano fakitale iyenera kulembetsedwa ndi kubwereza kalemberayo zaka 2 zilizonse, ndipo mwini katundu ayenera kutchula mtundu wa chodzola chilichonse, zosakanizamo ndi kumene chimapangidwira. Ochita malonda aang'ono ena okha ndiwo anakhululukidwa. Bungwe la FDA linayamba kukakamiza kalemberayu pa 1 Julayi 2024.

Koma lamulo palokha silikwanira. Kalembedwe ka zotumizidwazo nakonso n'kofunika. Mafomu a pepala alipo ndithu, koma bungweli limalimbikitsa kutumiza pa kompyuta motsata dongosolo la SPL, limene opanga mankhwala a m'chipatala analizolowera kale. M'dongosololi chinthu chilichonse chili ndi malo akeake: dzina la katundu pake, adiresi ya fakitale pake, zosakaniza pakenso. Mu Disembala 2023 bungweli linatsegula njira ya pa intaneti yotchedwa Cosmetics Direct, imene imasandutsa mayankho a wolembetsa kukhala SPL, kuti ngakhale wosadziwa zakuya za kompyuta athe kulembetsa.

Phindu lake n'loonekeratu. Kukadziwika kuti chosakaniza china chikuvulaza anthu, kompyuta ingathe kutulutsa msanga maina a zodzola zonse zimene muli chinthucho, ntchito imene kalaliki wofufuza m'mapepala akanachedwa nayo kwambiri.

Komabe wogula asanyengeke. Kulembedwa m'kaundula sikutanthauza kuti boma layesa chodzolacho ndi kuchivomereza; udindo wotsimikiza kuti n'chosavulaza uli pa mwini katundu. Kaundula amasunga zimene wauzidwa, zoona ndi zonama zomwe. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Fomu yolembedwa bwino imathandiza kokha pamene pali anthu ofufuza ngati zolembedwazo zikugwirizana ndi zimene zili m'botolo.