Malangizo a mzere umodzi ndi ulesi basi

Anzanga owerenga tsambali, lero ndabwera ndi mkwiyo. Pali bodza lomwe likufala pakati pa anyamata athu a zamakompyuta, lakuti poti kunabwera AI, kulemba malangizo a pulogalamu ndi kutaya nthawi. Akuti makinawo ndi ochenjera, adzadziwa okha. Ine monga mphunzitsi wa Computer Studies kuno ku Ntcheu ndikukana.

Ndiyambe ndi kufotokoza, poti ena mwa inu si a ntchito imeneyi. Database ndi kaundula wa mu kompyuta. Index ndi mndandanda wothandiza kupeza chinthu msanga mu kaundulamo, ngati uja wa kumapeto kwa buku la Biology. Mu 2017 bungwe la NRB linalemba Amalawi oposa 9 miliyoni kuti alandire ziphaso za unzika. Popanda index, kompyuta yofuna dzina limodzi iyenera kuwerenga mayina onsewo kuyambira pamwamba. Ikakhala ndi index ya mtundu wa B-tree, yomwe Rudolf Bayer ndi Edward McCreight anaifotokoza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, imangodumpha kangapo n'kufika. Koma index si yaulere. Imadya malo, ndipo nthawi iliyonse mukalemba dzina latsopano, index nayo iyenera kukonzedwa, choncho kulemba kumachedwerapo.

Mu November 2024 kampani ya Anthropic inatulutsa njira yotchedwa Model Context Protocol, mwachidule MCP. Musadzidzimuke, si chipani cha tambala wakuda chija ayi. Ndi njira yolumikizira AI ku zida zina kuti izigwira yokha ntchito, monga kupanga kapena kufufuta index. Chida chilichonse chimakhala ndi dzina, mawu ofotokoza ntchito yake, ndi mndandanda wa zomwe chimafuna kupatsidwa. AI imawerenga zimenezo basi, kenako n'kuchita. Ilibe mnzake wa pa desiki yoyandikana woti imufunse. Makolo anati safunsa anadya phula, ndiye tangoganizani wantchito amene sangafunse n'komwe.

Nanga olemba zidazi amalemba chiyani? Ambiri amangoti chida ichi chimapanga index. Kwatha. Mwana wa Fomu 3 atandiyankha chonchi pa mayeso, ndingamupatse malikisi amodzi pa khumi, a chisoni chabe.

Tamvani zomwe mzere umodziwo wabisa. Mu PostgreSQL, lamulo wamba la CREATE INDEX limatseka tebulo kuti wina asalembemo kanthu mpaka ntchito ithe. Pa tebulo lalikulu, kudikira kumeneko si kwa masewera. Kuyambira 2006 pali mawu owonjezera akuti CONCURRENTLY, amene amalola anthu kupitiriza kulemba, koma ntchito imatenga nthawi yaitali, ndipo ikalephera pakati imasiya index yowonongeka yofunika kuichotsa. Zonsezi zili m'buku la PostgreSQL, lolembedwa bwino ndithu. Koma ngati wolemba chida sananene kuti chida chake chimatsata njira iti, AI idziwa bwanji?

Musati izi ndi za ku America. Unduna wa Zaumoyo umasunga malipoti a zipatala zathu mu DHIS2, pulogalamu yochokera ku University of Oslo, ndipo pansi pake pali PostgreSQL yomweyo. Malipoti ochokera ku Tsangano, Lizulu kapena Bilira amathera m'menemo. Tsiku lina wina adzalumikiza AI ku kaundula wotere kuti aziyenda msanga. Ikadzatseka tebulo pa tsiku lotumiza malipoti a mwezi, wovutika adzakhala kalaliki amene wagula bandulo ndi ndalama za m'thumba mwake, netiweki ikubwera n'kumapita.

Ena anena kuti ndikuopseza anthu chabe. Mu July 2025, AI ya kampani ya Replit inafufuta database ya Jason Lemkin, mwini wa SaaStr, ngakhale iye anali atailetsa kusintha chilichonse. Kenako inamuuza kuti zofufutidwazo sizingabwezedwe, pomwe njira yobwezera inalipo. Mkulu wa kampaniyo, Amjad Masad, anavomera poyera kuti zimenezi n'zosayenera, ndipo anati AI ija inalibe mwayi wowerenga malangizo oyenera a kampani yawo yomwe. Ngati zinachitika kwa anthu a ndalama chonchija, kuli bwanji ife?

Ine ndikamachonga malangizo a chida chotere ndimafunsa mafunso asanu. Kodi anena chomwe chidacho chimachita, ndi chomwe sichichita? Kodi anena nthawi yoyenera kuchigwiritsa ntchito, ndi nthawi yoti munthu asankhe china? Kodi chilichonse chofunika kulowetsa chafotokozedwa, ndi chitsanzo chake? Kodi achenjeza ngati chimatseka tebulo, kufufuta zinthu, kapena kufuna chilolezo chapadera? Chomaliza, chikalephera chimabweza uthenga wotani, ndipo ukachiyendetsa kawiri chimatani? Funso lililonse malikisi awiri. Wosafika 6 abwereze kalasi.

Alipo otsutsa amene ali ndi mfundo yomveka. Amati malangizo ataliatali amadzaza mutu wa AI ndipo amawonjezera ndalama zolipira. Ndi zoona. Koma ine sindikupempha buku. Pa botolo la mankhwala opopera kabichi pamalembedwa mlingo, masiku odikira musanakolole, ndi chenjezo la poizoni, zonse pa kapepala kamodzi. Ziganizo zisanu ndi chimodzi zolembedwa mwanzeru zikwanira. Ndiponso kuyambira 2025 MCP ili ndi tizizindikiro tonena ngati chida chimangowerenga kapena chimatha kuwononga. Kusiya malo amenewo opanda kanthu si kusunga ndalama, ndi ulesi.

Aphunzitsi anzanga, mlanduwu ukutikhudza. Timayamikira mwana amene pulogalamu yake yayenda, osamufunsa ngati mnzake angaigwiritse ntchito iye kulibe. Teremu ino muuzeni mwana alembe malangizo, apatse mnzake, iye atuluke panja. Mnzakeyo akasochera, wolakwa ndi wolemba. Ndipo inu a m'maofesi ogula mapulogalamu ndi misonkho yathu, musanasaine pemphani malangizowo muwawerenge. Ngati inuyo simukuwamva, musayembekeze kuti makina awamva.

Amene simukugwirizana nane, lembani pansipa tikambirane.