AI Ikulemba Khodi Msanga, Nanga Aunike Ndani?

Mawebusayiti ambiri amene timatsegula tsiku ndi tsiku amamangidwa pa mapulogalamu amene anthu ena analemba kale n'kuwapereka kwaulere. Imodzi mwa mapulogalamu otere ndi Django, imene Adrian Holovaty ndi Simon Willison anayamba kulemba mu 2003 akugwira ntchito kunyuzipepala ya Lawrence Journal-World ku Kansas, m'dziko la America. Inaperekedwa poyera mu 2005, ndipo ngakhale Instagram inamangidwa pa iyo. Aliyense ali ndi ufulu wowerenga khodi yake, kuikonza ndi kutumiza zimene wakonzazo. Koma chilichonse chotumizidwa chimayenera kuwerengedwa ndi munthu chisanalowe, ndipo owerengawo ndi ochepa. Bungwe la Django Software Foundation, limene linakhazikitsidwa mu 2008, limalemba ntchito anthu owerengeka ndi zala, otchedwa ma Fellow, kuti azisanthula madandaulo ndi kuunika khodi. Enawo ndi ongodzipereka, amene amagwira ntchitoyi ataweruka kwina.

M'ntchito imeneyi ndi mmene mwalowa zida za AI zothandiza kulemba khodi. GitHub Copilot inaonekera mu 2021, ndipo lero zida zoterezi zimatha kuwerenga pulogalamu yonse, kusintha mafayilo ndi kuyendetsa mayeso pazokha. Mu Okutobala 2025 kampani ya Anthropic inabweretsa njira yotchedwa Agent Skills. Munthu amalemba malangizo m'fayilo ya SKILL.md, monga mmene mayeso ayenera kuyendetsedwera kapena mmene uthenga wofotokoza zosintha uyenera kulembedwera, ndipo chidacho chimawerenga malangizowo ntchitoyo ikafika.

Amene amakondwera ndi zidazi ali ndi mfundo zomveka. Kusamalira pulogalamu ngati Django si kupanga zatsopano tsiku lililonse ayi. Ntchito yambiri ndi yotopetsa ndiponso yobwerezabwereza. Django imatulutsidwa mwatsopano pafupifupi miyezi isanu ndi itatu iliyonse, ndipo mitundu ina imasamalidwa kwa zaka zitatu, choncho bowo la chitetezo likatsekedwa pa mtundu watsopano liyeneranso kutsekedwa pa yakale. Chinthu chikafuna kuchotsedwa, pamayamba paikidwa chenjezo, zolemba zofotokozera zimasinthidwa, mayeso amakonzedwa, kenako chimachotsedwa patapita nthawi. Ntchito ya ndondomeko yodziwika chonchi ndi imene makina amaigwira bwino akapatsidwa malangizo omveka. Palinso phindu lina limene ine ndimaliona lalikulu: kuti wosamalira pulogalamu alangize makina, amakakamizika kulemba zimene kwa zaka zambiri zinkangokhala m'mutu mwake. Zolembazo munthu wachilendo angaziwerengenso n'kuphunzirapo.

Ngakhale pa chitetezo pali umboni woti zidazi zimathandiza. Mu Novembala 2024 a Google analengeza kuti chida chawo chotchedwa Big Sleep chapeza vuto lenileni mu SQLite, pulogalamu imene ili m'mafoni pafupifupi onse.

Koma mverani amene akulandira katunduyu. Daniel Stenberg, amene amatsogolera pulogalamu ya curl, anadandaula poyera mu Januwale 2024 kuti akulandira malipoti a chitetezo olembedwa ndi AI, ooneka aukatswiri koma ofotokoza mavuto amene kulibe. Seth Larson wa ku Python Software Foundation ananenanso zofanana kumapeto kwa chaka chomwecho. Lipoti labodza lolembedwa mwaluso limadya nthawi yambiri kuposa lolembedwa mosasamala, chifukwa munthu sangalitaye asanalifufuze. Wotumiza watha mphindi zochepa, wolandira atha theka la tsiku. Zili ngati chigayo chimene chawonjezera liwiro pamene wosefa ufa akadali mmodzi yemwe uja. N'chifukwa chake osamalira pulogalamu ya Gentoo analetsa khodi yolembedwa ndi AI mu 2024, ndipo a pulogalamu ya NetBSD nawonso anaika lamulo lokhwima, potchula nkhawa yoti sizidziwika kumene khodiyo yachokera ndiponso mwini wake.

Nalo liwiro limene anthu amatamalo n'lofunika kuliyang'anitsitsa. Mu 2025 bungwe la METR linayesa akatswiri 16 akugwira ntchito pa mapulogalamu aulere amene amawadziwa bwino. Pogwiritsa ntchito AI anachedwa ndi 19 peresenti, chikhalirecho iwo ankakhulupirira kuti afulumira. Anthu 16 ndi ochepa, ndipo zida zasintha kuchokera pamenepo, koma zotsatirazi zikutichenjeza kuti kumva ngati ukuthamanga si umboni.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi cha ophunzira. Ku Django mavuto osavuta amaikidwa chizindikiro dala kuti achilendo ayambirepo. Wachinyamata amene anakumana ndi gulu la Django pa msonkhano wa DjangoCon Africa ku Zanzibar mu 2023 amalowera pakhomo limeneli: amakonza kavuto kakang'ono, amadzudzulidwa mwaulemu, amakonzanso, mpaka tsiku lina iyenso amayamba kuunika za anzake. Wounika amapirira zolakwa za wachilendo podziwa kuti akulera mnzake wa mawa. Ngati ndemanga zake zikungotengedwa n'kukaponyedwa m'makina kuti abweze yankho, ndiye kuti walangiza mphepo, ndipo palibe wosamalira watsopano amene wakula.

Kuletseratu zidazi ine sindikukuona kuti kungatheke, chifukwa n'kovuta kutsimikiza kuti khodi yalembedwa ndi ndani, ndipo lamulolo lingapweteke oona mtima okha amene amaulula. Njira imene gulu la chitetezo la Django latenga, yofuna kuti wotumiza lipoti anene ngati wagwiritsa ntchito AI ndiponso atsimikize yekha kuti vutolo lilipodi, ikundikhutiritsa kwambiri. Ndingawonjezere kuti malangizo a m'mafayilo aja azilembedwa ndi osamalira pulogalamu eniake, ndipo cholinga chake chikhale kupeputsa ntchito ya wounika. Azilamula chidacho kuonetsa kaye vutolo ndi mayeso amene akulephera, kusintha zochepa zokha zofunika, ndi kuima pamene nkhaniyo ikufuna chigamulo cha anthu, monga kusintha chinthu chimene mawebusayiti ambirimbiri amadalira. Wotumiza amene sangathe kufotokoza ndi pakamwa pake chifukwa chimene mzere uliwonse walembedwera, abwezeredwe ntchito yake wounika asanataye nayo madzulo ake.