ZA UMOYO M'MIDZI: Impso Zimaonongeka Mwakacetecete

Mwezi ndi mwezi anthu odwala matenda a kuthamanga kwa magazi, amene ambiri amangoti BP, amapita kukatenga mankhwala pa Chipata Central Hospital, ku Mwami, ku St. Francis ku Katete ndi m'makiliniki a m'midzi. Amapimitsa pa mkono, kulandira mapiritsi, nabwerera kwao. Ambiri a iwo adziwa kuti matendawa angathe kupha ziwalo kapena kulefula mtima, koma ndi ocepa amene anamvapo kuti BP imadyanso impso, ndi kuti imatero kwa zaka zambiri popanda mwini wace kumva kuwawa.

Nkhaniyi ikhudza mabanja ambiri. Kafukufuku wa STEPS, amene Unduna wa za Umoyo unacita m'caka ca 2017 mothandizana ndi bungwe la World Health Organization, anapeza kuti pafupi-fupi munthu mmodzi mwa anthu asanu ali onse a zaka 18 kufika 69 m'Zambia anali ndi magazi othamanga mopitirira muyeso. BP ndi matenda a shuga ndiwo atsogola pakati pa zinthu zoononga impso pa dziko lonse lapansi.

Munthu ali ndi impso ziwiri, iri yonse yaikulu ngati nkhonya yace, ndipo zimakhala ca kumsana, kunsi kwa nthiti. M'kati mwa impso imodzi muli timasefa pafupi-fupi miliyoni imodzi, tosaoneka ndi maso. Pa tsiku limodzi timasefati timasefa madzi a m'magazi okwanira malita 180, ndiko kuti zigubu 9 za malita 20. Pafupi-fupi onsewo amabwerera m'thupi, ndipo lita imodzi ndi theka cabe ndiyo imaturuka ngati mkodzo pamodzi ndi zonyansa. Magazi akamathamanga ndi mphamvu yaikulu caka ndi caka, timitsempha ta m'impso timauma ndi kupanikizika, ndipo timasefa timayamba kubooka. Coipa cina ndi ici: impso ndizo zimathandiza kulamulira BP. Zikalefuka zimasunga mcere ndi madzi m'thupi, BP nikwera koposa kale, impsozo niziononongekerabe.

Mai ali yense adziwa kuti sefa ikabooka, misere imene iyenera kutsala pamwamba imagwera mu ufa. Ndi mmenenso zimacitikira m'impso. M'magazi muli cakudya comanga thupi cochedwa albumin, cofananako ndi coyera ca dzira, cimene impso zamoyo sizilola kuti cituruke. Timasefa tikabooka, albumin imayamba kudontha mu mkodzo. Ici ndico cizindikiro coyamba ca zonse, ndipo pa ciyambi diso la munthu silingacione. Cimaoneka pokha-pokha mkodzo ukapimidwa ku cipatala, kumene amabviika kapepala kakang'ono kamene kamasintha mtundu, kapena kutumiza mkodzowo ku labu. Amapimanso magazi kuti aone kucuruka kwa creatinine, cinyalala cimene cimaunjikana m'magazi impso zikayamba kulephera nchito. Popeza malungo kapena matenda a m'cikhodzodzo angacititsenso albumin kuoneka kwa kanthawi, adokotala amabwereza kupima, ndipo amati impso zadwala ndithu ngati bvutolo lakhala kupitirira miyezi itatu.

Pali zizindikiro zina zimene munthu angadzionere yekha kunyumba. Coyamba ndi thobvu la mu mkodzo. Thobvu lobwera kaamba ka mphamvu ya pokodza limatha msanga, koma thobvu la albumin limacita ngati la sopo, limakhalitsa, ndipo limaoneka tsiku ndi tsiku. Caciwiri ndi kudzuka kawiri-kawiri usiku kukataya madzi, pamene kale munthu anali kugona mpaka tambala. Cacitatu ndi kutupa kwa zikope m'mawa ndi kutupa kwa mapazi madzulo, kotero kuti nsapato zithina ndipo cala cikadinikiza pa msongolo pamatsala dzenje. Cacinai ndi BP imene ikana kutsika ngakhale munthu akumwa mankhwala mokhulupirika. Kutopa kosatha, kuyera kwa m'maso ndi m'manja, kusafuna cakudya, mseru ndi kuyabwa thupi lonse zimabwera mocedwa, impso zitaonongeka kale kwambiri.

Zizindikiro zimenezi zingacokerenso ku matenda ena. Kukodza usiku kungakhale shuga, kapena kutupa kwa prostate mwa abambo acikulire. Kutupa mapazi kungacokere ku mtima. Magazi mu mkodzo kawiri-kawiri ndi likodzo, maka-maka kwa amene amasamba kapena kucapa m'madamu ndi m'madambo. Wosiyanitsa zonsezi ndi wa cipatala, osati mnansi. Tsono msana: anthu ambiri msana ukawawa pocokera kumunda amati ndi impso, ndipo ukapanda kuwawa amati impso ziri bwino. Maganizo onse awiri ndi olakwika, pakuti impso zoonongeka ndi BP siziwawa. Mai wapakati yekha ndiye sayenera kudikira ngakhale tsiku limodzi: akatupa nkhope ndi manja, mutu nuwawa kwambiri kapena maso nacita cidima, apite naye ku cipatala nthawi yomweyo.

Akulu anati safunsa anadya phula. Munthu ali yense wa BP, ngakhale adzimva wamphamvu, apemphe kuti mkodzo ndi magazi ace zipimidwe kamodzi pa caka, ndipo zotsatira zace zilembedwe m'kabuku kace ka ku cipatala. Ngati kiliniki ya pafupi iribe zopimira, apemphe kalata yopita nayo ku cipatala cacikulu. Wa BP amene alinso ndi shuga ndiye ayenera kusamala koposa.

Bvuto likapezeka msanga, pali zambiri zimene zingacitike. BP iyenera kukhala pansi pa 140/90, ndipo kwa amene impso zayamba kudontha adokotala angafune kuti itsike kufika pa 130/80. Mankhwala ena a BP, monga enalapril ndi losartan, amacepetsa kudontha kwa albumin ndi kuchinjiriza timasefa totsala, koma mai wapakati samwa amenewa. Mapiritsi a BP samasiya cifukwa mutu waleka kuwawa, ndipo sabwerekana. Mcere usapitirire magalamu 5 pa tsiku, ndiko kuti kasupuni ka tiyi kamodzi, kuwerengera pamodzi ndi wa mu ndiwo. Kapenta ndi nsomba zouma zamcere azibviika ndi kuzitsuka asanaphike, soda wa mu therere acepe popeza nayenso amakweza BP monga mcere, ndipo mbale ya mcere isamakhale pa mphasa podya nsima. Mankhwala a ululu monga Brufen ndi diclofenac, amene alimi amagula m'magolosale nyengo ya kulima, amapweteka impso akamwedwa kawiri-kawiri. Wa BP ayambe wafunsa anamwino asanawamwe. Momwemonso mizu ndi makungwa osadziwika muyeso wace, amene ena amati amatsuka impso, angathe kuzitsiriza. Fodya aleke.

Madzi akatayika saoleka. Timasefa timene tafa sitimeranso, ndipo impso zikalephera kotheratu cotsala ndi makina otsuka magazi, a dialysis, monga amene ali ku University Teaching Hospital ku Lusaka, kapena kuikidwa impso ya munthu wina. Wodwala amakhala pa makinawo maola anai, kawiri kapena katatu pa mlungu, kwa moyo wace wonse. Kwa mlimi wa ku Chadiza kapena ku Vubwi, izi zitanthauza kusiya munda, ng'ombe ndi banja, kukakhala pafupi ndi cipatala, ndi kutaya ndarama zambiri pa ulendo ndi cakudya. Kupimitsa mkodzo kumatenga m'mawa umodzi pa caka.

Nchito imeneyi si ya wodwala yekha. Mai wophika ndiye agwira supuni ya mcere, ndipo mwana wa sukulu angathe kuwerengera agogo ace kabuku ka ku cipatala ndi kuona ngati muli tsiku limene mkodzo unapimidwa. Ngati mulibe, funso limenelo liperekedwe kwa anamwino pa ulendo wotsatira wokatenga mapiritsi.