Kati ya mzungu, kudula kwathu

Abale anzanga apamsika, sabata ino tiyeni tilisende liwu limodzi lachizungu lomwe tinalilandira m'nyumba osalifunsa kwawo. Liwulo ndi cut, ife timangoti kati. Kometetsa amakufunsa kuti ukufuna kati yanji, ndipo amene munali anyamata m'ma 1990 simunaiwale tebulo kati, mutu kuphwatalala pamwamba ngati benchi ya tomato. Wakabaza pa Mangochi boma akafuna kufika msanga ati tidzere shotikati. Magetsi akathima, chambo n'kuyamba kununkha mufiliji, azungu amati power cut. Liwu ndi limodzi koma ntchito zake mbwee.

Kwawo n'kuti? M'mabuku a Angerezi linayamba kuoneka cha m'ma 1300, zaka zoposa 700 zapitazo, ndipo akatswiri ambiri amati ndi lachibale ndi mawu a anthu a ku Scandinavia. Lisanatchuke, Angerezi ankadula zinthu ndi mawu ena monga carve. Kati itabwera inalanda malo, carve n'kutsala ndi tintchito tochepa ngati kusema, ntchito ya anzathu a ziboliboli ku Cape Maclear. Mlendo kulanda benchi ya mwini msika, mwaonatu.

Tsono imvani izi, inu a geni. Liwu loti retail, lomwe limalembedwa pa zikwangwani za magolosale, linachokera ku Chifalansa chakale ndipo tanthauzo lake ndi kudula kachidutswa. Telala naye dzina lake linachokera komweko, ndi munthu wodula nsalu. Ndiye kuti mayi amene mumapikula mugo wa sopo n'kumaudula tizidutswa, bambo amene mumacheka kampango kuti wa ndalama zochepa naye adyeko, ndinu eni ake a liwuli. Geni yonse ndi mpeni. Phindu lanu lili pa mmene mwadulira.

Koma chizungu ndi Chichewa zimasemphana pamalo amodzi moseketsa. Mzungu akalemba pasitolo kuti price cut, ndiye kuti katundu watsika mtengo. Ife tikati katundu wadula, ndiye kuti mtengo wakwera. Kudula kwa mtengoku si kwa mpeni ayi. Odziwa zinenero amati kunachokera ku liwu la Mabunu loti duur, kutanthauza chinthu chokwera mtengo, ndipo linabwera ndi agogo athu a Wenela ndi Theba pochokera ku migodi ya ku Joni. Ku Zimbabwe nako amati kudhura. Kuno ku Mangochi, komwe pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi mwana ku Joni, liwuli lili kwawo ndithu. Choncho mwana wasukulu akakuwerengerani nyuzi n'kunena kuti adula mitengo, mufunseni bwinobwino: atsitsa, akweza, kapena agwetsa nkhalango ya ku Phirilongwe?

Kati yomwe imatiliza ndi ina. Pachizungu munthu akati my cut akunena gawo lake pa ndalama. Tsatirani chigoba cha usipa kuchokera padoko ku Msaka kapena ku Malembo mpaka mumsika wa Limbe. Mwini chilimira atenge yake, alovi agawane yawo, dobadoba wapadoko amene sananyowe ngakhale phazi naye akuti kati yanga. Wamatola ali pomwepo, wonyamula katundu, chiphaso cha msika. Zina mwa izi n'zoyenera, munthu wagwira ntchito adye. Koma zina ndi kangachepe chabe kovala suti yachizungu. Munthu amachita manyazi kunena kuti ndipatseni chiphuphu, koma kati amaitchula mutu uli m'mwamba. Pofika kwa wogula, usipa wadula, ndipo amatukwanidwa ndi inu wapabenchi.

Nsombanso sizili ngati kale. Chambo cha m'nyanja ya Malombe chinatha mochititsa mantha kumayambiriro a zaka za m'ma 1990, n'chifukwa chake mu 1993 kunayambika makomiti a m'madoko. Nsomba zikachepa, odula kati sachepa. Aliyense amangonola mpeni wake.

Mpeni waukulu koposa uli ku Lilongwe. Mu May 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu November 2023 Reserve Bank inaidulanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Palibe anakupisani m'thumba, ndalama munamanga pansonga ya chitenje zinali zomwezo, koma popita kukaoda munabwera ndi katundu wochepa. Mpamba unadulidwa inu muli mtulo. Apa chizungu ndi Chichewa zinagwirizana: iwo anadula, zinthu n'kudula.

Langizo langa ndi laulere, lopanda kati. Gulani kope la mwana wasukulu, muzilemba tambala iliyonse yomwe mwapereka kuchokera padoko mpaka pabenchi, ndi amene mwam'patsa. Pakutha pa mwezi mudzaona nokha amene akudya thukuta lanu. Wofuna ndalama m'dzina la ofesi akupatseni lisiti. Ndipo wina akadzati kati yanga, m'funseni mwaulemu kuti, achimwene, mwagwira ntchito yanji?

Tionane sabata yamawa, geni iyende.