Nzimbe Yodula Sidikira: Kayendetsedwe ka Ntchito ku Nchalo

Pamene shuga anasowa m'masitolo m'miyezi yoyamba ya chaka cha 2024, anthu ambiri anafunsa kuti zimenezi zatheka bwanji m'dziko limene lakhala likudzipangira shuga kuyambira mu 1966. Ena analoza chala amalonda obisa katundu, ena analoza owolotsa shuga pamalire mozemba. Koma awerengi athu amene afuna kuimvetsa nkhaniyi ayenera kuyang'ananso ku Nchalo, m'boma la Chikwawa, ndi kuona m'mene ntchito yopanga shuga imayendera, pakuti kusowa kwa thumba la shuga mu Febuluwale kumayambira pa zimene zinachitika kumunda chaka chathunthu m'mbuyomo.

Munda ndi fakitale za ku Nchalo zinatsegulidwa ndi kampani ya Lonrho, pansi pa dzina la SUCOMA, ndipo mu 1997 zinapita m'manja mwa Illovo. Eni anasintha, koma lamulo la ntchitoyo silinasinthe. Nzimbe imakula pafupifupi miyezi 12. Ikangodulidwa, kutsekemera kwake kumayamba kuchepa, kotero iyenera kufika pa makina ofinyira pasanapite masiku awiri kapena atatu. Chimanga munthu akhoza kuchisunga m'nkhokwe kudikira chigayo, nzimbe ayi. Chifukwa cha ichi akuluakulu a ntchito amawerengeratu kuti lero adule munda uti, anthu odula akhale angati, mathirakitala ndi magalimoto akhale angati, kuti zonsezi zilingane ndi mphamvu ya makina. Odula akafulumira kuposa makina, nzimbe imaunjikana pabwalo nkumaonongeka. Akachedwa, makina amazungulira chabe pamene malipiro a antchito akuwerengedwabe. Ntchito yonse imayenda pa liwiro la gawo limene likuchedwa koposa, ndipo kapitawo wanzeru amayamba wafufuza gawo limenelo asanapemphe makina atsopano.

Kufinya kumachitika nyengo yachilimwe, kuyambira cha mu Epulo mpaka kumapeto kwa chaka. Mvula ikagwa minda imachita matope, magalimoto amatitimira, ndipo fakitale imatsekedwa kuti amisiri aphwasule makina ndi kuwakonza. Apa ndi pamene pagona nkhani ya kusowa kuja: shuga amene dziko limagwiritsa ntchito m'miyezi ya dzinja ndi wosunga. Ngati zokolola zinachepa, kapena owerengera analakwitsa poyerekeza zimene anthu adzagula, mosungiramo mumauma fakitale isanatsegulidwe, ndipo palibe lamulo la munthu aliyense limene lingakulitse nzimbe m'sabata imodzi.

Chinthu china choyenera kuchitama ndi chakuti pa ntchitoyi zotaya ndi zochepa. Zotsala za nzimbe zofinya zimatenthedwa m'ng'anjo kuti zipereke nthunzi ndi magetsi oyendetsera fakitale, ndipo molasesi amapita ku PressCane, m'boma lomwelo la Chikwawa, kukapangidwa ethanol amene amasakanizidwa ndi petulo.

Koma gawo lofooka la unyolo umenewu ndi madzi. Chigwa cha Shire ndi chotentha ndipo mvula yake ndi yosadalirika, kotero nzimbe imadalira madzi opopa mumtsinje wa Shire, ndipo mapampuwo amadya magetsi ambiri. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, dziko nkutaya pafupifupi mamegawati 130, ndipo magetsiwo sanabwerere mpaka mu 2023. M'mwezi wa Malichi chaka chomwecho cha 2023 namondwe Freddy anamiza minda ndi kuononga misewu ndi ngalande. Tikumbuke kuti nzimbe imene inamizidwa kapena kusowa madzi pa nthawiyo ndi imene inayenera kupereka shuga wa miyezi yotsatira.

Ndi chifukwa chake ntchito ya Boma yokumba ngalande yaikulu kuchokera ku Kapichira kulowera ku Bangula, imene inakhazikitsidwa mu 2020 ndi thandizo la World Bank ndi African Development Bank, ili ndi tanthauzo loposa m'mene ambiri amaganizira. Cholinga chake ndi kuthirira mahekitala oposa 43,000 m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, ndipo madziwo aziyenda okha potsata kutsetsereka kwa nthaka, osadalira mapampu. Komatu madzi akafika, gawo lochedwa lidzangosamukira kwina: kwa ogawa madzi, kwa onyamula zokolola, kwa osunga mabuku a ndalama.

Alimi a m'chigwachi ali nazo kale zitsanzo ziwiri pafupi. A ku Kasinthula analowa ulimi wa nzimbe cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, koma kwa nthawi yaitali phindu lawo linkathera kubweza ngongole zoyambira ntchito. A ku Phata, amene anapanga kopaletivi yawo mu 2011, anaphatikiza minda yawo kukhala munda umodzi, nalemba akatswiri oyendetsa ntchito, ndipo iwo monga eni ake amagawana phindu pakutha pa nyengo. Magulu a alimi amene akupangidwa m'mbali mwa ngalande yatsopanoyi akutsata njira yofanana ndi ya ku Phata, ndipo alangizi ndi makalaliki a Boma amene atumizidwa kukawathandiza adzafunika kudziwa kuwerenga ndandanda ya kuthirira ndi kudula monga m'mene amadziwira kulemba malipoti.